Sewero Lidapitirira, Nanga Anthu Aja?

Ndili ku sekondale, nyumba yathu idali imodzi mwa nyumba zochepa m'dera lathu zomwe zidali ndi dishi padenga. Nthawi ikamayandikira 8 koloko usiku, mbale zinkatsukidwa mwachangu, ana a m'nyumba zoyandikana nafe ankayamba kusuzumira pazenera, ndipo mayi anga aang'ono ankakhala pampando wawo wa pakona atafunda chitenje. Nyimbo yotsegulira sewero la Generations ikangomveka, pabalaza ponse pankati zii. Ngakhale bambo, amene ankati masewero otere ngotayitsa nthawi, ankatsitsa nyuzipepala pang'ono n'kumaonera cham'mbali.

Seweroli ndi la ku South Africa. Adaliyambitsa ndi a Mfundi Vundla, ndipo lidatchuka pa wailesi yakanema ya SABC kuyambira m'chaka cha 1994, pamene dzikolo linkatuluka mu ulamuliro wa tsankho. Nkhani yake idali ya banja la Moroka, eni kampani yotsatsa malonda ya New Horizons mumzinda wa Johannesburg. Kuona anthu akuda ali eni kampani, akulamula m'maofesi, akukangana za chuma ndi chikondi m'zilankhulo zawo, chidali chinthu chachilendo pa kanema masiku amenewo. Ife a ku Malawi, monganso anzathu a ku Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique, tinkaonera kudzera pa timabokosi tija ta Wiztech ndi Philibao. Popeza nthawi ya m'maiko onsewa ndi imodzi, 8 koloko ya ku Soweto idalinso 8 koloko yathu.

Mwayi umenewu udatha mu Julayi 2013, pamene bungwe la Sentech lidatseka njira yomwe zithunzi za SABC zinkafikira kunja kwa dziko lawo, potsatira chigamulo cha khoti pa dandaulo la wailesi yakanema ya eBotswana. Choncho nkhani yomwe ndikufuna tikambirane lero idandipeza kudzera m'nyuzipepala ndi pa lamya ya msuweni wanga wa ku Johannesburg.

Mu Ogasiti 2014, atengambali 16 amene ankanyamula sewero lonseli adachotsedwa ntchito pa tsiku limodzi. Iwo adali atanyanyala ntchito, kachiwiri pasanathe chaka, pofuna zinthu zitatu: malipiro okwera, mgwirizano wa ntchito wa zaka zitatu m'malo mwa wa nthawi yochepa, komanso gawo la ndalama zomwe zimapezeka sewero likaonetsedwanso kapena likagulitsidwa kumaiko ena. A SABC pamodzi ndi kampani yojambula seweroli ya MMSV Productions adawapatsa tsiku loti abwerere kuntchito. Tsikulo litadutsa, adawatsekera khomo.

Taonani maina a anthu amene adapita. A Menzi Ngubane, omwe tinkawadziwa ngati Sibusiso Dlomo, munthu wa bizinezi wouma mtima uja. Mayi Sophie Ndaba, Queen Moroka wathu wokonda zovala ndi miseche, amene adakhala m'seweroli zaka pafupifupi 20. A Seputla Sebogodi, amene adali Kenneth Mashaba. Mayi Katlego Danke, amene adali Dineo. Mayi Slindile Nodangala, amene adali Ruby Dikobe, mwini malo omwera mowa. Mayi Winnie Ntshaba, amene adali Khethiwe. A Zolisa Xaluva, a Patrick Shai, mayi Nambitha Mpumlwana ndi ena. Zidali ngati kudzuka m'mawa n'kupeza mudzi wonse wasamuka usiku, kwangotsala nyumba zokha.

Poyankhula pa wailesi ina, a Vundla adanena maganizo awo mosabisa: ochita zisudzo adalipo ena kale, adzakhalaponso ena m'tsogolo, ndipo sewero lipitirira. Magawo omwe adali atajambulidwa kale adatha kumapeto kwa Seputembala, ndipo kwa miyezi iwiri nthawi ya 8 koloko idatengedwa ndi sewero la Skeem Saam. Pa 1 Disembala 2014 padabwera Generations: The Legacy. Olemba adalumphitsa nkhani zaka 20 kutsogolo kuti asavutike kufotokoza komwe kwapita aliyense. Adaitananso mayi Connie Ferguson, amene adasiya kukhala Karabo Moroka m'chaka cha 2010, pamodzi ndi a Rapulana Seiphemo, Tau Mogale uja, kuti oonera apeze nkhope ziwiri zozolowereka pakati pa alendo.

Ine ndidakwiya kwambiri. Ndidauza msuweni wanga kuti ngakhale zithunzi zitabwereranso kwathu, sindidzaoneranso. Koma apa mpamene pali chilungamo chowawa chomwe chandichititsa kulemba nkhaniyi. Nditapita ku Johannesburg pa ntchito chaka chotsatira, ndidakhala pansi kuti ndingoona mmene aonongera sewero lathu. Pofika tsiku lachitatu, ndidali nditayamba kuseka zochita za Lucy Diale, amene amaseweredwa ndi mayi Manaka Ranaka, ndiponso kuopa chigawenga chija Gadaffi, yemwe adali a Vuyo Dabula. Anthu mamiliyoni ambiri a ku South Africa adachitanso chimodzimodzi, moti kwa zaka zambiri zotsatira seweroli lidakhalabe pakati pa mapologalamu oonedwa kwambiri m'dzikolo. Pa mfundo imeneyi a Vundla sadaname. Sewero lidapitirira, ndipo adalipitiriza ndife.

Kusintha kwa anthu m'sewero lotalika sikulephereka. Ena amadwala, ena amamwalira, ena amapeza msipu wobiriwira kwina. Ife Achewa tikudziwa bwino kuti dzina limakhalitsa kuposa munthu. Mfumu ikamwalira, wina amalowa dzina lake, ndipo mudzi umapitirira kutchedwa ndi dzina lomwelo. Koma tikudziwanso kuti ufumu salonga chibisibisi. Pamakhala maliro, pamakhala zokambirana za mbumba, pamakhala tsiku loti anthu aone ndi maso awo kuti uyu wapita, uyu walowa. Pamene Karabo ankachoka m'chaka cha 2010, nkhani idakonzedwa kuti oonera atsanzikane naye. Anthu 16 aja sadapatsidwe ngakhale mphindi imodzi yotsanzika. Oonera nawonso sadapatsidwe mpata wolira maliro a anthu omwe adakhala nawo pabalaza masiku asanu pa sabata kwa zaka zonsezo.

Komabe chachikulu si chisoni cha ife oonera. Chachikulu ndi funso lomwe anthu aja adafunsa, limene mlimi aliyense angalimve msanga. Mlimi akagulitsa thumba la mtedza, lapita kamodzi, ndipo wogulayo sangaligulitse kawiri. Gawo la sewero silili choncho. Lili ngati mtengo wa mango. Limaonetsedwa usiku, limabwerezedwa m'mawa, limabwerezedwanso kumapeto kwa sabata, kenako limagulitsidwa kudziko lina. Chaka ndi chaka likubala. Tsono amene adakumba dzenje n'kubzala mtengowo alandire ndalama ya ganyu ya tsiku limodzi basi, kapena ali ndi gawo pa zipatso za chaka chilichonse? Ndipo kumbukirani kuti pa nkhani ya sewero, chomwe chikugulitsidwa ndi nkhope ya munthuyo, mawu ake, ndi misozi yake.

Eni sewero nawo ali ndi mfundo zawo, ndipo si bwino kuzikankhira kumbali. Iwo adati malipiro a atengambaliwo adali abwino kale poyerekeza ndi a anthu ambiri m'dzikolo. Ndiponso kuseri kwa nkhope 16 zija kudali olemba nkhani, ojambula, osoka zovala, okonza magetsi ndi oyendetsa galimoto, amene ntchito ikaima nawonso mphika sukhala pamoto. Zonsezi nzoona. Koma kukhala ndi malipiro abwino lero sikuyankha funso la mawa. Ku South Africa ochita zisudzo akhala akuwerengedwa ngati anthu odzilemba okha ntchito, osati antchito a kampani. Izi zikutanthauza kuti zinthu monga tchuthi cha matenda ndi penshoni sizibwera zokha. Wolemba nkhani akaganiza kuti munthu wako wa m'sewero afe pa ngozi ya galimoto Lachisanu, Lolemba ulibe ntchito.

Nkhondo imeneyi siinathere pa khomo la SABC. Maiko adagwirizana ku Beijing m'chaka cha 2012 pa pangano loteteza ufulu wa ochita zisudzo za pa kanema, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu Epulo 2020. Ku South Africa lamulo loteteza anthu otere ndi la 1967, lomwe lidalembedwa wailesi yakanema isanafike n'komwe m'dzikolo. Nyumba ya malamulo idavomereza zolisintha m'chaka cha 2019, Pulezidenti Cyril Ramaphosa adazibweza m'chaka cha 2020, aphungu adazivomerezanso mu Febuluwale 2024, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Pulezidentiyo adazitumiza kukhoti loona za malamulo aakulu a dziko. Werengani nokha: zaka 10 zidadutsa kuchokera pa tsiku lomwe anthu aja adachotsedwa. M'zaka zimenezo a Menzi Ngubane adamwalira mu Malichi 2021, ndipo a Patrick Shai adatsatira mu Januwale 2022.

Ambiri mwa anthu 16 aja adapeza ntchito m'masewero ena, chifukwa luso sachotsa ndi kalata. A Ngubane adatisangalatsanso mu Isibaya. Mayi Connie Ferguson nawo adachokanso m'chaka cha 2016, ndipo pamodzi ndi amuna awo a Shona Ferguson adapanga sewero lawolawo la The Queen, lomwe lidaonetsedwa mpaka 2023. Phunziro lake nlosavuta kuliona: amene ali ndi munda ndiye amanena za zokolola.

Mwina wina afunsa kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife a kumudzi. Ambiri mwa inu, awerengi, muli ndi magulu a zisudzo m'madera mwanu. Mumasewera pabwalo la mfumu, pasukulu, pamsika, pa nkhani za uchembere, katemera, manyowa ndi nkhanza za m'banja. Mukudziwa kuti khamu silibwera chifukwa cha uthenga wokha. Limabwera chifukwa cha mnyamata uja wosewera ngati mkulu woledzera, kapena mayi aja osewera ngati apongozi olongolola. Akangochoka mmodzi wa iwo, pabwalo pamachepa anthu. Ine ndemwe, pa ntchito yanga, ndidajambulapo gulu lina lotere. Tidawapatsa ndalama ya chakudya chamasana ndi yoyendera, ndipo kanemayo tidamuonetsa m'misonkhano kwa zaka zitatu. Maina awo sitidawalembe n'komwe kumapeto kwake. Tsiku lomwe ndinkakwiyira a Vundla sindidakumbuke zimenezi. Nzoonadi, nyani saona nkholo yake.

Choncho pempho langa ndi ili. Gulu la zisudzo lisanalole kujambulidwa, likhale pansi ndi ojambulawo, ndipo zinthu zinayi zilembedwe papepala m'chilankhulo chomwe onse akumva: ndalama zingati, kanemayo aonetsedwa kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso akagulitsidwa kapena kuperekedwa ku wailesi gulu lidzapezapo chiyani. Maina enieni a osewera alembedwe pa kanemayo. Mkati mwa gulu momwemo, munthu akafuna kuchoka, mpatseni sewero lotsanzikira, ndipo wolowa m'malo mwake ayambe waonekera pambali pake kuti anthu amuzolowere. Izi sizifuna ndalama ya mabungwe. Zimangofuna ulemu.

Kwa ife oonera, chochepa chomwe tingachite n'kudziwa kuti kuseri kwa dzina la m'sewero kuli munthu amene amalipira lendi ndi fizi ya ana. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

Mayi anga aang'ono sadaonepo The Legacy. Kwa iwo sewero lidaima pomwe zithunzi zidazimira mu 2013. Ulendo wina ndili kumudzi adandifunsa kuti, "Mwanangu, iwe umayenda, kodi Queen uja adakali ndi mkamwa mwake muja?" Ndidawauza kuti Queen adachotsedwa ntchito kalekale, ndipo dzina lake lenileni ndi Sophie Ndaba. Adakhala chete kwa kanthawi, akusenda chinangwa. Kenako adalitchula dzinalo kawiri, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wangouzidwa kumene dzina la mbale wake yemwe wakhala akudya naye m'mbale imodzi kwa zaka zambiri.