Galasi la zaka 10,000 silinafike pa msika wa Tsangano

Nkhani imene imabwerabwera pa mawailesi ndi m'mafoni ndi ya kagalasi kakang'ono komwe akuti kangathe kusunga mawu, zithunzi ndi makalata kwa zaka 10,000 osafufutika. Womva nkhaniyi angaganize kuti mawa lomwe kagalasiko kapezeka pa msika wa Tsangano kapena ku Furancungo.

Kagalasiko kalipodi. Mu Novembala 2019 kampani ya Microsoft ya ku America inaika filimu yonse ya Superman, ya m'chaka cha 1978, m'kagalasi ka masentimita 7.5 mbali zonse, kochindikala mamilimita awiri okha. Amalemba ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser, komwe kumasiya timadontho m'kati mwa galasi. Akatswiri anawiritsa magalasi otere m'madzi, kuwaika mu uvuni ndi kuwakwecha ndi waya wotsukira mapoto, koma zolembedwazo sizinachoke.

Chimene ofalitsa nkhani ambiri amasiya n'chakuti makina olembera ndi owerengera galasilo ndi aakulu, ndipo anapangidwira nyumba zosungiramo zinthu za makampani, osati foni ya mlimi. Chomwecho ndi nkhani yosunga mawu mu DNA, kanthu ka m'thupi kamene kamachititsa mwana kufanana ndi makolo ake. M'chaka chomwecho cha 2019 makina a Microsoft ndi yunivesite ya Washington anatenga maola 21 kuti asunge ndi kuwerenganso liwu limodzi la zilembo zisanu. Kampani ya InPhase, yomwe inatchuka polonjeza chimbale chachilendo chosunga zinthu zambirimbiri, inagwa ndi ngongole mu 2011. Paja akuluakulu anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Anthu a m'malire muno sachita kuuzidwa kuwawa kwa kutaya makalata. Pa nkhondo imene inatha mu Okutobala 1992, mabuku ambiri a kaundula anapsa kapena kusowa, ndipo mabanja amene anathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza anabwerera ambiri opanda pepala losonyeza kuti iwo ndani. Lero mdani wa pepala ndi chiswe, makoswe, denga lodontha ndi moto wa m'nyumba ya udzu. Cédula ya mwana ikadyedwa ndi chiswe, kholo limasiya munda wa mbatatesi n'kumayenda maulendo a ku Registo Civil, uku nthawi yolembetsa mayeso ikutha.

Vuto lina lili pa timakadi ta memore togulitsidwa m'misika. Tina timalembedwa manambala aakulu pamwamba pomwe m'kati muli malo ochepa. Foni imaonetsa ngati zonse zalowa, koma malo enieni akadzaza zithunzi zimayamba kukana kutseguka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula azikayikira kadi ya malo ambiri yotsika mtengo modabwitsa, ndipo aziyamba wayidzaza nyimbo n'kuona ngati zonse zikulira asanaikemo zinthu zofunika.

Njira yodalirika ndi yakale ija, yosaika zonse malo amodzi. Cédula, bilhete, kalata ya munda ya DUAT, khadi la katemera ndi malisiti a fodya zipangidwe fotokope. Mapepala enieni akulungidwe m'pulasitiki, aikidwe m'chitini chotseka bwino, pamwamba, kutali ndi khoma lonyowa. Mafotokope akasiyidwe kwa mbale wa m'mudzi wina. Amene ali ndi foni yojambula ajambule pepala lililonse n'kutumiza zithunzizo ku foni ya mwana kapena mlongo, kuti foni imodzi ikabedwa zisapite zonse.

Galasi lija mwina adzaligwiritsa ntchito ndi adzukulu. Koma mvula ikubwerayi siidikira akatswiri a ku America, ndipo chitini ndi fotokope zilipo kale.