CITHUNZI COPANDA DZINA

Mwezi uno tiyeni tikambirane za zithunzi zakale zimene zagona m'masutikesi mwathu.

Mwana wanga wamkazi, amene ali ku koleji, anapatsidwa nchito yofufuza mbiri ya Kabwata. Ambirife timadziwa nyumba zozungulira zaudzu za pa Burma Road. Boma la atsamunda linamangira anchito acikuda nyumbazi m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, pamene Lusaka anali kukula atasanduka likulu la dziko mu 1935. Zambiri zinagwetsedwa, ndipo zotsala zinasungidwa mu 1974 kukhala Kabwata Cultural Village. Aphunzitsi anamuuza kuti aike zithunzi zoonetsa moyo wa anthu a m'nyumbazo, ndi kulemba pansi pa ciriconse caka, malo ndi mwini wake amene wamuloleza.

Anayambira pa intaneti. Zithunzi zinalipo zambiri, koma zina zinalibe caka, zina zinali zazing'ono kotero kuti pozisindikiza nkhope zinasanduka utsi, ndipo zooneka bwino zinali ndi cidindo ca kampani yofuna madola. Kungotenga sakadatha, pakuti lamulo la dziko lathu la mu 1994 loteteza nchito za olemba ndi ojambula limati cithunzi ciri ndi mwini wake, monga munda.

Kenaka anapita ku National Archives ku Ridgeway, kumene boma limasunga zolembedwa ndi zithunzi zakale. Pobwerako anati, "Atate, ndaona abwanamkubwa ndi nyumba za boma, koma agogo athu ali kuti?" Funso lake ndi loona. Masiku amenewo kamera inali m'manja mwa aboma ndi azungu. Munthu wakuda kawirikawiri amaoneka caima kumbuyo, wopanda dzina.

Pomaliza ndinapita naye ku Chelstone kwa azakhali anga, amene ndi okalamba ndithu. M'sutikesi mwao tinapeza cithunzi ca amuna asanu ataima pakhomo pa nyumba yozungulira. Kumbuyo kwake sikunalembedwe kanthu. Azakhali anaciyandikiza kumaso, nati kwa mwanayo, "Awa ndi ambuye ako, caka ca ufulu, 1964." Anachulanso maina a awiri. Koma awiri otsalawo anawayang'ana nthawi yaitali, napukusa mutu. Amene akadawadziwa anagona kale ku Leopards Hill.

Cithunzico cinalandiridwa, cifukwa cinali ndi caka, malo ndi cilolezo ca mwini wake. Koma ine ndinabwerera kunyumba mtima uli wolemera. Tikadacedwa zaka zowerengeka, amuna onse asanu akadakhala alendo m'banja mwao momwe.

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Conco, abale anga, musadikire. Turutsani zithunzi zaukwati, zaubatizo ndi zakusukulu, mukhale pansi ndi okalamba akali moyo. Lembani kumbuyo ndi pensulo, pakuti inki imadontha ndi kuononga: ndani, kuti, caka citi, ndipo anajambula ndani. Zisungeni pouma, kutali ndi ciswe. Za m'foni nazo sindikizaniko zina, cifukwa foni ikabedwa zimapita nayo limodzi.

Mdzukulu wanu adzafunsa tsiku lina. Apeze yankho lolembedwa ndi dzanja lanu.

Tidzakumananso mwezi wamawa.