Musanathire utoto mu resin

Ndolo, zibangili, zokolekera makiyi ndi mathireyi zopangidwa ndi epoxy resin zikuoneka kwambiri masiku ano pa matebulo a ogulitsa zaluso komanso pa Facebook, ndipo m'makomo ambiri muli wina amene akuphunzira lusoli pa foni. Chimene chimakopa wogula ndi mtundu. Koma utoto ndi umenenso umaonongetsa resin yodula, ndipo utoto wina umabweretsa m'nyumba zinthu zimene simungafune kuti mwana azigwire.

Resin imabwera m'mabotolo awiri, lina la resin yeniyeniyo, lina la hardener. Siuma chifukwa cha mphepo ngati penti. Imauma chifukwa ziwirizi zikakumana pa muyezo wolembedwa pa botolo, kaya ndi 1:1 kapena 2:1, zimagwirana ndi kutulutsa kutentha. Chilichonse chimene mwathiramo ndi mlendo pa mgwirizano umenewu, ndipo mlendo akachuluka resin imatsala yofewa, yomata m'manja ngakhale patapita mlungu. N'chifukwa chake opanga resin ambiri amalangiza kuti utoto usapitirire magawo 5 kapena 6 pa 100 alionse. Pa mamililita 100 a resin yosakaniza kale, malire ake ndi kasupuni kakang'ono kamodzi. Nthawi zambiri simufika n'komwe pamenepo. Yambani ndi kansonga ka kamtengo kotakasira, takasani, kenako kwezani kamtengoko muone ngati mtundu wakwana.

Mdani wamkulu ndi madzi. Utoto wothira m'makeke ndi umene anthu amathamangira chifukwa uli kale m'kabati, koma wambiri ndi wamadzi: susakanikirana bwino ndi resin, umaichititsa chifunga, ndipo umazilala msanga. Penti wa acrylic nayenso ali ndi madzi. Kadontho kamodzi kangadutse, koma mukaonjeza, resin imalimba msanga m'kapu musanaithire m'chikombole kapena imataya kuwala kwake. Ngakhale maluwa ndi masamba oika mkati ayenera kuuma gwa, apo ayi amada ndi kuolera momwemo.

Utoto wa resin uli m'magulu awiri, ndipo kudziwa kusiyana kwake kumapulumutsa ndalama. Pali umene umasungunuka kotheratu, moti kuwala kumadutsa ngati pa galasi la botolo. Umenewu ndi wokongola pa ndolo, koma dzuwa limaudya. Alcohol ink ali m'gulu limeneli, ndipo ali ndi vuto lina: amayaka. Amene mumachotsa tithovu ndi moto wa kalaita kapena tochi ya gasi, musatero pa resin imene mwangodonthezapo inki imeneyi. Gulu lachiwiri ndi la ufa wosasungunuka, umene umangoyandama mu resin ndi kuiphimba kuti isaonekere mkati. Umenewu umapirira dzuwa. Umagulitsidwa ngati ufa kapena ngati phala lokandidwa kale, ndipo kwa woyamba kumene ine ndimakonda phalalo, chifukwa silichita mibulu ndipo siliuluka kulowa m'mphuno.

Mica ndiye wotchuka kuposa onse, uja amanyezimira ngati mkati mwa chigoba cha nkhono. Ndi mwala wopyapyala wopera, wokutidwa ndi titanium dioxide kapena iron oxide kuti ukhale ndi mtundu. Savuta kugwiritsa ntchito, ndipo kapaketi kamodzi kamapita kutali. Pali chinthu chimodzi chimene ogulitsa satchula. Mica wambiri amakumbidwa pamanja ku Jharkhand ndi Bihar m'dziko la India komanso kum'mwera kwa Madagascar, ndipo mabungwe oona za ufulu wa ana akhala akupeza ana akugwira ntchito m'maenje amenewo. Alipo mica wopangidwa m'fakitale, wolembedwa kuti synthetic mica, amene amanyezimira chimodzimodzi. Mukampeza, sankhani ameneyo.

Sikuti zonse ziyenera kuchokera kunja. Red oxide uja timathira mu simenti kuti pansi pa nyumba pafiire ndi iron oxide, mtundu womwewo umene uli m'timabotolo todula. Ndi wokhakhala pang'ono, choncho musefeni pa kansalu kopyapyala, mumkande kaye ndi timadontho ta resin mpaka akhale phala, kenako muthire mu resin yonse. Makala opera bwino amapereka mtundu wakuda. Dothi la katondo louma bwino padzuwa ndi kusefa limapereka kufiira kwa kwathu kuno kumene simungakugule m'sitolo, ngakhale kuti limakonda kumira pansi pa chikombole. Dikirani resin iyambe kulemera ngati uchi musanathire.

Tsopano nkhani imene yandichititsa kulemba zonsezi. Mitundu ina yowala kwambiri, makamaka yachikasu, yaolenji ndi yofiira, imapangidwa ndi mtovu kapena cadmium. Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Kwa mwana wamng'ono mtovu umaononga ubongo mwakachetechete, popanda kutentha thupi kapena chizindikiro choti mayi athamangire nacho kuchipatala, ndipo zimene waononga sizibwerera. Cadmium imaunjikana mu impso, ndipo ili m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa. Si nkhani yakutali ayi: kafukufuku wa bungwe la Lead Exposure Elimination Project anapeza mtovu wochuluka m'mitundu ina ya penti wa mafuta wogulitsidwa ku Malawi, ndipo a Malawi Bureau of Standards anayamba kuilondoloza nkhaniyi. Choncho musatape penti wotsala wa zitseko ndi mawindo n'kuthira mu resin.

Mungadziwe bwanji? Utoto wabwino umakhala ndi nambala yake pa chizindikiro. PR101 ndi PY42 ndi iron oxide wofiira ndi wachikasu, PW6 ndi woyera wa titanium, PB29 ndi buluu wa ultramarine. Amenewa alibe mtovu kapena cadmium m'kapangidwe kake. Koma PY34 ndi PR104 ndi a mtovu, pamene PY35 ndi PR108 ndi a cadmium. Asiyeni pa shelefu. Ufa wowala wa m'kapepala kopanda dzina, kopanda nambala, kaya ndi wotchipa chotani, usalowe m'zinthu zimene ana adzagwire. Wina anganene kuti utoto ukatsekeredwa mu resin youma sutulukanso. Ndi zoona pang'ono. Koma poyeza ufawo umauluka, ndipo popala m'mbali ndi sandipepa mumaumasulanso kukhala fumbi limene limatera pa mkeka pamene mwana akukwawa. Palani chinthucho chili chonyowa, pukutani ndi nsalu yonyowa, osasesa.

Resin payokha, isanaume, imafunanso ulemu. Ikamakhudza khungu kawirikawiri, thupi limatha kuyamba kudana nayo: zala zimayabwa, zimatuluka matuza, zikope zimatupa. Zikafika pamenepo kawirikawiri zimakhala za moyo wonse, ndipo luso limathera pomwepo. Valani magolovesi a nitrile, osati a latex, amene mankhwalawa amadutsa mosavuta. Ikakudontherani sambani ndi sopo ndi madzi. Thinala ndi asetoni zimangothandiza resin kulowa m'khungu. Gwirani ntchito pakhonde kapena m'chipinda chotsekula mawindo, osati kukhitchini kapena kuchipinda kogona. Kamasiki ka fumbi kamatchinga ufa wa mica koma sikatchinga mpweya wa mankhwala. Makapu ndi masupuni a resin asabwererenso ku mbale.

Za mathireyi ndi mbale, mawu oti food safe pa botolo amanena za resin yopanda utoto, yoyezedwa molondola ndi kuuma mokwanira. Mukathiramo mtundu, lonjezo lija silikukhudzaninso pokhapokha wopanga atanena kuti anayeza pamodzi ndi utotowo. Ena amathira resin yoyera pamwamba pa yamtundu, ndipo zimathandiza, komabe ine sindingaikepo nsima yotentha, kudulirapo tomato kapena kupanga choti khanda lizilumaluma. Resin zambiri za zaluso zimafewa zikakumana ndi kutentha.

Dzuwa lathu nalonso lili ndi mawu ake. Epoxy iliyonse imapita kuchikasu pakapita nthawi, ngakhale yolembedwa kuti imapirira dzuwa imangochedwerapo. Pa zoyera zimaoneka msanga, ndipo buluu wotuwa amatembenukira ku girini, pamene zofiirira, zagolide ndi zakuda zimabisa. Ngati mumagulitsira panja, ganizirani zimenezi posankha mitundu. M'mwezi wa Okutobala resin imalimba mofulumira, choncho sakanizani pang'onopang'ono. M'nyengo ya mvula chinyezi chimasiya kautsi pamwamba pake.

Utoto uliwonse watsopano uyeseni kaye m'kachivindikiro ka botolo, mulembe kuchuluka kumene mwathira. Pakatha maola 72 kanikizani ndi chikhadabo. Ngati chasiya chizindikiro, chepetsani utoto kapena onaninso muyezo wanu. Ngati chalimba, chiikeni pawindo milungu iwiri, theka lake litaphimbidwa ndi pepala, kenako muyerekeze mbali ziwirizo.