Chidindo Sichiyandama

Pali mawu amene amatseka anthu pakamwa ngozi ikachitika, mawu akuti zonse zinayenda motsatira malamulo. Ine mawu amenewa sandigwira mtima, ndipo ndikufuna kuwatsutsa poona ntchito ya akatswiri amene ankayeza sitima zatsopano zachitsulo, zoyendera nthunzi, ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Ndiyambe ndawapatsa ulemu wawo. Bungwe la Lloyd's Register, lomwe linayamba ku London mu 1760, linkatumiza anthu ake kumalo okhomera sitima monga ku Glasgow ndi ku Sunderland. Mapulani ankawaunika ntchito isanayambe. Zitsulo ankaziyesa pozikoka ndi kuzipinda zisanachoke kufakitale. Misomali yolumikizira zitsulozo ankaigogoda ndi hamala kuti amve ngati ina ikugwedera. Sitima ikakhoza mayeso onsewa inkalembedwa m'kaundula ndi chizindikiro cha 100A1. Imeneyi sinali ntchito yachibwana ayi.

Koma kodi kaundulayo anali wa yani? Anamuyambitsa ndi amalonda ndi a inshuwalansi, anthu ofuna kudziwa ngati chuma chawo chifike kutsidya. Chizindikirocho chinkachitira umboni kulimba kwa chombo, nangula ndi matcheni ake. Za mabwato opulumukirapo anthu zinali m'manja mwa boma, kudzera ku nthambi ya zamalonda ya Board of Trade. Apa ndiye pagona nkhani.

Taonani Titanic. Sitimayi inalibe chizindikiro cha Lloyd's Register, koma boma linaiyeza. Francis Carruthers wa ku Board of Trade ankaiyendera pamene a Harland and Wolff ankaikhoma ku Belfast, ndipo inalandira chiphaso chonyamulira anthu. Lamulo limene ankatsatira linali la mu 1894, lonena kuti sitima yopitirira matani 10,000 ikhale ndi mabwato 16. Polilemba, sitima zikuluzikulu za ku Britain zinali za matani osafika 13,000. Titanic inali ya matani opitirira 46,000, koma lamulo linali lomwelo. Inanyamula mabwato 20 okwana anthu 1,178, kuposa zimene boma linkafuna, pamene m'katimo munali anthu oposa 2,200. Itagunda chimwala cha madzi oundana usiku wa pa 14 Epulo 1912, anthu pafupifupi 1,500 anatsikira kuli chete m'sitima yosalakwira lamulo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ena amati tsoka silinunkha. Ndikuvomera kuti kugunda chimwalacho kungatchedwe tsoka. Koma kuchotsa 1,178 pa 2,200 si tsoka, ndi samu ya mwana wa Sitandade 4. Enanso amakumbutsa kuti mabwato ambiri ananyamuka osadzaza, n'chifukwa chake opulumuka anangopitirira pang'ono 700. Zoona. Komabe akanadzaza onse mpaka pakamwa, anthu oposa 1,000 akanatsalabe akuyang'ana madzi. Imfa yawo inasainidwa mu ofesi sitima isananyamuke pa doko la Southampton.

Chondipweteka kwambiri ndi chimene chinamveka pa kafukufuku wotsogoleredwa ndi Lord Mersey. Sir Alfred Chalmers, yemwe anakhalapo mlangizi wa boma pa zapanyanja, sanagwe nkhope. Anaikira kumbuyo lamulo lakalelo, mpaka kunena kuti mabwato akanachepa, anthu akanawathamangira ndi kuwadzaza bwino. Abale anga, umu ndi mmene ofesi imayankhulira ikayamba kukonda mapepala ake kuposa anthu.

Ndipo tisaganize kuti malamulo otere amagwa kumwamba ngati mvula. Mzere umene Samuel Plimsoll anaumenyera nkhondo, wosonyeza malire a katundu m'mbali mwa sitima, unalowa m'malamulo mu 1876. Mu 1906, David Lloyd George akutsogolera Board of Trade, mzerewo unakwezedwa pa sitima zambiri kuti zizinyamula katundu wochuluka. Eni sitima anapindula. Woyeza anapitiriza kuyeza mokhulupirika, koma muyeso wake unali utasunthidwa kale ndi ena.

N'chifukwa chake sindiloza chala Carruthers ndi anzake ogogoda misomali. Ndikuloza amene anakhala zaka 18 akuona sitima zikukula, lamulo lili chigonere. Mu 1914 mayiko anasainirana ku London pangano la chitetezo cha panyanja la SOLAS, lofuna kuti aliyense wokwera akhale ndi populumukira. Nzeru imeneyi sinali yachilendo. Inangodikira maliro.

Ife Amalawi tisaiwerenge ngati nthano yakutali. Sitima ya Vipya inali yatsopano pamene inamira pa nyanja yathu mu Julayi 1946 n'kupha anthu 145. Madzi sachita manyazi ndi utoto watsopano, ndiponso sawerenga ziphaso.

Choncho wina akationetsa chiphaso cha sitima, basi kapena nyumba yosanja, tisawombe m'manja msanga. Timufunse kuti lamulo lobereka chiphasocho linalembedwa liti, linalembedwera chinthu chachikulu bwanji, ndipo akupindula ndani likakhala chomwecho. Safunsa anadya phula. Chidindo chimangotiuza kuti lamulo latsatidwa. Ngati lamulolo lakalamba, chidindo chimamira limodzi ndi anthu.