Mwana Wokulira Kuseri kwa Kauntala

M'mizinda ndi m'midzi ya dziko la Britain muli mtundu wina wa sitolo umene ukunka nuchepa. Izi ndi sitolo zazing'ono za mabanja a Atchaina zogulitsa chakudya chophikaphika chokadyera kunyumba, zimene eni dzikolo amazitcha takeaway. Kwa zaka zoposa 50 sitolo zimenezi zakhala zikudyetsa anthu usiku ndi usiku, koma masiku ano zambiri zikutsekedwa kapena kugulitsidwa. Pofotokoza za kutsekedwaku anthu amatchula mliri wa Covid-19 wa mu 2020, kukwera mtengo kwa mafuta ophikira ndi gasi mu 2022, ndiponso makampani monga Just Eat ndi Deliveroo amene amatapako gawo pa chakudya chilichonse choitanitsa pafoni. Zonsezi n'zoona, komabe pali chifukwa china chozama kuposa izi. Ana a eni sitolowo anakula, anaphunzira, ndipo safuna kulowa m'malo mwa makolo awo. Chodabwitsa n'chakuti makolowo ndiwo anakonza kuti zinthu zidzathe chomwechi.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, nkofunika kuyamba ndi kumene mabanjawa anachokera. Ambiri a iwo anali alimi a mpunga a m'dera la New Territories ku Hong Kong, dera limene dziko la Britain linabwereka kwa China mu 1898 kwa zaka 99. M'zaka za m'ma 1950 ulimi wawo unalowa pansi chifukwa mpunga wotsika mtengo wochokera ku Thailand unadzaza misika, ndipo amuna ambiri anasiya makasu napita ku Britain kukagwira ntchito m'makhitchini. Mu 1962 boma la Britain linakhazikitsa lamulo lakuti munthu wochokera m'maiko a Commonwealth azilowa ngati ali ndi chikalata cha ntchito. Chikalatacho chinkapezeka mosavuta kudzera mwa mbale amene anali kale ndi malo odyera, motero m'bale ankaitana m'bale, mudzi wonse n'kuthera m'ntchito imodzi. Katswiri wina wa za chikhalidwe cha anthu, James Watson, anafufuza za mudzi wa San Tin nalemba mu 1975 za mmene amuna a fuko la Man anasamukira ku malo odyera a ku Ulaya.

Akazi ndi ana atatsatira, bambo amene kale anali wantchito wa munthu wina anaona kuti tsopano ali ndi manja okwanira kutsegula kasitolo kakekake. Koma sitolo yotereyi siyenda ikayandikana ndi inzake, choncho banja lililonse linkafunafuna kamzinda kopanda Mtchaina wina. Mitundu ina ya alendo inkakhala pamodzi m'madera odziwika a mizinda ikuluikulu, pamene Atchaina anamwazikana dziko lonse, banja limodzi apa, lina uko. Zotsatira zake zinagwera mwana. Nthawi zambiri iye ankakhala yekha wa mtundu wake pasukulu yonse, wopanda mnzake womvetsa chifukwa chimene malaya ake ankanunkhira mafuta okazingira.

Tsiku la mwana wotereyu linali ndi zigawo ziwiri. M'mawa anali wophunzira monga anzake onse. Akaweruka ankabwerera kunyumba imene kawirikawiri inali pamwamba pa sitolo yomweyo, navula yunifolomu, n'kutsika kukasenda anyezi, kulongedza chakudya m'mapaketi, kuyankha foni ndi kuwerenga chenje. Lachisanu ndi Loweruka, masiku amene anzake ankachezerana, ndiwo anali masiku a chipwirikiti, ndipo ntchito inkafika pakati pa usiku. Ntchito ya kusukulu ankailembera pakauntala pomwepo, pakati pa wogula wina ndi wina. Mlembi Angela Hui, amene anatulutsa buku lotchedwa Takeaway mu 2022, anakula moyo umenewu m'sitolo ya makolo ake ya Lucky Star m'mudzi wa Beddau ku Wales, sitolo imene banjalo linayendetsa kwa zaka 30. Buku lake linalandiridwa ndi manja awiri chifukwa anthu ambiri anadziona okha m'menemo.

Malamulo a dzikolo sanali chete pa nkhaniyi. Lamulo la mu 1933 loteteza ana linaletsa mwana wa msinkhu wa sukulu kugwira ntchito ikapitirira 7 koloko madzulo, ndipo linanena kuti mwana wothandiza pa malonda opezera phindu ndi wantchito ngakhale asalandire malipiro. Koma sitolo imene malonda ake amayamba dzuwa litalowa sikanatha kuyenda motsata lamulo limeneli. Phindu linali lochepa kotero kuti kulemba wantchito wakunja kukanadya ndalama za lendi. Kwa makolo, mwana woimirira pakauntala anali kungochita mbali yake m'banja, monga mwana wa mlimi amapirikitsa mbalame m'munda wa mapira.

Katundu wolemera kuposa ntchito ya manja anali wa chilankhulo. Makolo ambiri ankalankhula Cantonese kapena Hakka, ndipo Chingerezi chawo chinkalekezera pa maina a zakudya ndi mitengo yake. Mwana wa zaka 10 ndiye ankawerenga makalata a msonkho, kumasulira mawu a dokotala kuchipatala, ndi kufotokozera bambo ake zimene aphunzitsi alemba pa lipoti lake lomwe. Ndiyenso ankamva tanthauzo lenileni la mawu achipongwe a anthu oledzera obwera usiku malo omwera mowa atatsekedwa, mawu amene mayi ake kukhitchini sankawamva. Mwana wotere amakula msanga. Amadziwa mavuto a akuluakulu asanathe kusewera. Ndipo pamene Chingerezi chake chinkakula, chilankhulo cha makolo chinkafota, ngakhale ambiri ankatumizidwa ku sukulu za Chitchaina kumapeto a sabata. Mapeto ake banja linkadyera mbale imodzi koma losatha kuuzana zakukhosi.

Nanga makolowa ankavutikiranji chotere? Yankho lake likuoneka m'mabuku a mayeso. Ziwerengero za boma la England zakhala zikusonyeza kwa zaka zambiri kuti ana a Atchaina amakhoza mayeso a GCSE kuposa ana a mtundu wina uliwonse, ndipo ngakhale ochokera m'mabanja osauka amakhoza bwino. Makolo amene anaima pamoto maola 12 patsiku ankauza mwana wawo mosabisa kuti aphunzire kuti asadzagwire chiwaya. Sitolo sinali chuma chodzasiyira ana ayi, inali makwerero. Ana aja lero ndi madokotala, akatswiri a mankhwala, owerengera ndalama ndi maloya. Kalembera wa mu 2021 anapeza Atchaina oposa 440,000 ku England ndi Wales, ndipo mwa iwo amene anabadwira konko ndi ochepa amene atsala m'khitchini. Ngakhale alendo atsopano ochokera ku Hong Kong, oposa 100,000 amene alowa kuyambira pamene Britain inawatsegulira khomo mu January 2021, ambiri ndi anthu ophunzira kale, osabwera ndi maganizo otsegula sitolo zotere.

Choncho kutsekedwa kwa sitolo zimenezi ndi umboni wakuti cholinga cha makolo chinakwaniritsidwa. Koma walira mvula walira matope. Mbiri yakuti ana a Atchaina ndi anzeru ndiponso ofatsa inakhala ngati chinsalu chobisa zambiri. Mphunzitsi akaona mwana wakhoza, wosachita phokoso, wosajomba, amaganiza kuti zonse zili bwino, natembenukira kwa ena ovuta. Sankafunsa chifukwa chimene mwanayo ankaodzera m'kalasi Lolemba m'mawa, kapena chifukwa chimene makolo ake sankabwera ku misonkhano ya makolo yochitika madzulo. Mu 2020, pamene anthu ena anayamba kunyoza Atchaina powanena kuti ndiwo anabweretsa mliri, ana aja, tsopano ali akuluakulu, anayamba kulankhula poyera, ndipo zinadziwika kuti chipongwe chimenechi anachizolowera kuyambira ali pakauntala, kungoti kalelo analibe wowamvera.

Nkhaniyi siili kutali ndi Malawi monga mmene ingaonekere. Chiyambire pamene dziko la Malawi linakhazikitsa ubale ndi boma la Beijing kumapeto kwa 2007, amalonda Atchaina atsegula sitolo m'mizinda yathu, ndipo mu 2012 boma linalamula kuti amalonda akunja azichita malonda awo m'mizinda ikuluikulu yokha. Mikangano yokhudza malondawo imakambidwa kawirikawiri, koma za ana okulira m'mabanja otere sizimveka. Kuwonjezera apo, m'kalasi iliyonse m'dziko muno muli mwana amene akaweruka amakaima paokala ya bambo ake kapena kukagulitsa mandasi a mayi ake, ndipo ndalama zake ndizo zimalipira fizi.

Mphunzitsi wanzeru sathamangira kudzudzula kholo lotero, pakuti popanda okalayo mwanayo sakanakhala m'kalasi n'komwe. Chimene angachite ndi kudziwa maola amene mwanayo amagona, kumupatsa mpata wolembera ntchito yake asanachoke pasukulu, ndi kufunafuna kholo lake pa nthawi imene malonda achepa. Ndipo wachinyamata amene watsiriza sukulu atakulira pakauntala asachite manyazi polemba kalata yofunsira ntchito. Kusunga ndalama za anthu, kuleza mtima ndi wogula waukali ndi kudzuka m'mawa atagona mochedwa ndi maphunziro amene anzake ambiri adzayamba kuwaphunzira atalembedwa kale ntchito.