MAYESO SAYESA MUNTHU YENSE

M'midzi ya ku Rufunsa, kuyambira ku Chinyunyu kufikira kwa Mpanshya ndi kwa Shikabeta, muli anyamata ndi atsikana amene anabwerako ku sukulu atalephera mayeso. Anthu awanena kuti, "Uyu alibe mutu," ndipo eni ace abvomereza, nakhala pansi ngati mtengo woleka kukula. Bodza limeneli liyenera kutsutsidwa, pakuti lipha mtima wa mwana nchito yace ya padziko isanayambe n'komwe.

M'bodzali muli zolakwa ziwiri. Coyamba ndico kuyesa kuti nzeru zonse zioneka pa pepala. Robert Serpell, mphunzitsi wa pa Yunivesite ya Zambia, anapatsa ana a ku Lusaka ndi ana a ku Manchester nchito yofanizira zithunzi, nalengeza zimene anapeza m'caka ca 1979. Pojambula ndi pensulo anapambana ana a ku Mangalande. Popinda waya anapambana ana a ku Zambia, aja ozolowera kupanga magalimoto a waya. Poumba ndi dongo onse analingana. Nanga opanda mutu anali ati? Panalibe. Dzanja lidziwa cimene linazolowera.

Kuyambira m'caka ca 1973 munthu yemweyo anafunsa akulu a m'midzi ya ku Katete kuti, pakagwa nchito yobvuta, angatume mwana uti. Mayankho ao anasonyeza kuti kwa Acewa nzeru ziri ndi miyendo iwiri: kucenjera, ndi kutumikira mokhulupirika. Wocenjera wosatumika samuyesa wanzeru, koma wonyenga. Mayeso a pa pepala agwira mwendo umodzi wokha, ndipo mtsikana wolera abale ace atatu mai ali gone ndi matenda salandirapo malikisi.

Colakwa caciwiri ndico kuyesa kuti kukula kwa munthu kuthera pa unyamata. Jean Piaget wa ku Switzerland, amene anamwalira m'caka ca 1980, anaphunzitsa kuti maganizo a mwana akwera makwerero anai, ndipo lotsiriza liyamba pa zaka 11 kapena 12. Anacita bwino poonetsa kuti mwana saganiza monga wamkulu, koma makwerero ace alekeza msanga. Erik Erikson, m'caka ca 1950, anawerenga makwerero asanu ndi atatu, kuyambira pa ukhanda kufikira ku ukalamba. Iye anati nchito ya munthu wa zaka za pakati ndiyo kulera mbadwo wotsatira, ndipo ya nkhalamba ndiyo kuyang'ana moyo wace wonse ndi mtima wokhazikika. Makolo a kuno anadziwa zofanana ndi izi kale: khanda lisanduka mwana, mwana namwali, namwali nchembere, ndipo pa msinkhu uli wonse pali mwambo wace ndi katundu wace. Ndico cifukwa cace anati mau a akulu akoma akagonera. Munthu wa zaka 16 sanafike n'pakati pomwe pa ulendo. Nanga aweruzidwa bwanji ngati wofika kale?

Wina adzati, "Tsono sukulu iribe nchito." Iai ndithu. Wosamalira odwala pa cipatala ca Luka Woyera ku Mpanshya sangapereke mankhwala osadziwa kuwerenga, ndipo wogulitsa mbeu zace m'mbali mwa mseu waukulu wa kum'mawa amdyera masuku pamutu akapanda masamu. Sukulu ndi yabwino, ndipo amene angathe kubwererako abwerere. Colakwa ndico kusandutsa khasu limodzi kukhala muyeso wa munda wonse.

Cotero makolo ndi aphunzitsi aleke mau aja akuti "alibe mutu." Wosiya sukulu nayenso asabisale kuseri kwa mayeso, monga ngati kulephera kwa tsiku limodzi kwammasula ku nchito zonse. Aphunzire ukalipentala, ulimi kapena kusoka. Asunge buku la ndalama zace. Akhale munthu amene mudzi ungamtume osadera nkhawa. Ambiri a makwerero ace akali kutsogolo, ndipo palibe wina adzamkwerera.