Katapila ndi Jumbe watsopano ku Nkhotakota

Kale a Jumbe ankamanga anthu magoli pagombe la Nkhotakota n'kuwaolotsa nyanja ngati akapolo. Lero goli lija labweranso, dzina lake katapila.

Mwera ukavuta panyanja, msodzi amakongola K20,000, pakutha mwezi akuti abweze K30,000 mwinanso K40,000. Akalephera amulanda ukonde, kenaka bwato. Nanga abweza ndi chiyani? Naye mphunzitsi khadi lake la kubanki limagona kwa mwini katapila, malipiro osawaona n'komwe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zinakwera mtengo, ambiri n'kugwera m'dzenje lomweli.

Chowawa n'chakuti lamulo lilipo. Loans Recovery Act imapatsa khoti mphamvu zodula chiongoladzanja chonyanya. Koma ndani anapita kukawafotokozera asodzi a ku Chia zimenezi? Aphungu athu amangobwera ndi nsalu nthawi ya kampeni basi!

Abale inu, ngongole si chifukwa chogulitsira ufulu. Musapereke khadi kapena ukonde ngati chikole. Pangano lililonse lilembedwe. Akakuopsezani, kadandauleni kwa majisitireti paboma. Goli la Jumbe linathyoka, ilinso lithyoke!